William Harvey, dokotala yemwe adalondola njira ya magazi

Ngati mudapitapo kuchipatala kukayezetsa kapena kukapereka magazi, mukukumbukira zomwe namwino amachita asadakubayeni. Amakumangani kalamba pamwamba pa chigongono n'kukuuzani kuti mufumbate dzanja. Posakhalitsa mitsempha ya kumunsi kwa pomangapo imatupa n'kuonekera bwino. Kodi mudadzifunsapo chifukwa chake imatupa ya kumunsi osati ya kumtunda? Mukatseka ngalande, madzi amadzadza mbali yomwe akuchokera. Ndiye kuti magazi a m'mitsempha imeneyi amakhala akuchokera kuzala, ulendo wa kumtima.

Lero zimenezi amaphunzira ana a kupulayimale. Koma kwa zaka pafupifupi 1,400, madokotala ophunzira kwambiri ankamanga mikono ya odwala tsiku ndi tsiku pofuna kuwachotsa magazi, ankaiona mitsemphayo ikutupa, komabe ankaphunzitsa kuti magaziwo akulowera kuzala. Yemwe adathetsa nkhaniyi ndi William Harvey, dokotala wa ku England, ndipo chomwe chidamutsegula maso ndi tizitseko ting'onoting'ono ta m'mitsempha tomwe achipatala amati mavavu.

Harvey adabadwa pa 1 Epulo 1578 m'tauni ya Folkestone, m'mbali mwa nyanja kummwera kwa England. Bambo ake, a Thomas Harvey, adali munthu wochita bwino ndipo adakhalapo meya wa tauniyo. Mwa ana aamuna 7 a m'banjamo, William ndiye adali wamkulu. Ambiri mwa azing'ono ake adakhala amalonda olemera ku London, ndipo ndi iwo omwe ankamusungira chuma ndi kumusamala atakalamba. Adaphunzira ku King's School ku Canterbury, kenaka mu 1593 adalowa koleji ya Gonville and Caius ku Cambridge. Kolejiyi idali ndi chilolezo cholandira mitembo iwiri pachaka ya anthu onyongedwa kuti ophunzira aone za m'kati mwa thupi. Atamaliza kumeneko adapita ku Padua, m'dziko la Italy, komwe kudali sukulu yaudokotala yotchuka kuposa zonse ku Ulaya, ndipo adalandira digiri yake mu Epulo 1602.

Kuti muone kukula kwa zomwe adachita, yambani mwamva zomwe adaphunzitsidwa. Chiphunzitso chonse chidachokera kwa Galen, dokotala wa Chigiriki yemwe adakhala ku Rome m'zaka za m'ma 100. Iye ankati chakudya chikagayidwa chimapita kuchiwindi, chiwindi n'kuchisandutsa magazi. Magaziwo amayenda m'mitsempha kupita kuziwalo, ziwalo n'kuwadya, basi athera pomwepo, chiwindi n'kupanganso ena. Ankatinso magazi pang'ono amadutsa kuchoka mbali ya kumanja ya mtima kupita kumanzere kudzera m'timabowo ta pakhoma lapakati. Timabowoto palibe adationapo, koma poti adanena ndi Galen, madokotala ankangoti ndi tating'ono kwambiri moti maso sangatione.

Ena adakayikapo. Ku Cairo, m'dziko la Egypt, dokotala wina dzina lake Ibn al-Nafis adalemba m'zaka za m'ma 1200 kuti khoma la mtima lilibe mabowo, ndipo magazi amadzera m'mapapo pochoka kumanja kupita kumanzere. Ku Italy, Realdo Colombo adapezanso zomwezo ndipo buku lake lidatuluka mu 1559. Koma onsewa adangokonza kachigawo kamodzi. Zoti chiwindi chimapanga magazi atsopano nthawi zonse, ziwalo n'kumawatha, zidatsalabe.

Mphunzitsi wa Harvey ku Padua adali Hieronymus Fabricius, katswiri wong'amba mitembo, yemwe adamangitsa chipinda chozungulira momwe ophunzira ankaimirira m'mizere yokwera n'kumayang'ana pansi pomwe padali mtembo. Chipindacho chilipo mpaka lero. Fabricius adapatula nthawi yaitali akufufuza timatumba topyapyala tomwe adatipeza m'kati mwa mitsempha ya m'miyendo ndi m'mikono, ndipo mu 1603 adatulutsa kabuku kofotokoza za ito, kokhala ndi zithunzi zabwino zedi. Adaona kuti tonse tidayang'ana mbali imodzi, kumtima. Koma pomasulira adatsata Galen: adati ntchito yake n'kuchepetsa liwiro la magazi opita kumapazi kuti asakadzadzane konko ziwalo za kumtunda n'kumanidwa. Umboni adali nawo m'manja, koma buku lakale lidamulemera kuposa zomwe maso ake ankaona. Patapita zaka zambiri, Harvey ali nkhalamba, adauza wasayansi Robert Boyle kuti mavavu amenewa ndiwo adamuyambitsa kuganiza zoti magazi amazungulira.

Atabwerera kwawo adakhazikika ku London. Mu 1604 adakwatira Elizabeth Browne, mwana wa dokotala wa kunyumba yachifumu, ndipo banjali silidakhale ndi ana. Za mayiyu mbiri idasunga zochepa, kupatula kuti adali ndi chinkhwe chomwe ankachikonda kwambiri. Aliyense ankachiyesa chachimuna, koma chitafa Harvey adaching'amba n'kupezamo dzira. Munthuyu ndi mmene adalili: chilichonse chakufa, ngakhale chiweto cha mkazi wake, ankafuna aone m'kati.

Mu 1609 adakhala dokotala wa chipatala cha St Bartholomew's, chomwe chinkathandiza amphawi a mumzindawo. Malamulo a ntchitoyo ankamulamula kuona odwala kosachepera kamodzi pasabata ndi kusalandira mphatso kwa osaukawo. Mu 1615 bungwe la madokotala la College of Physicians lidamusankha kuti aziphunzitsa za thupi la munthu, ndipo adayamba mu Epulo 1616. Mu 1618 adakhala mmodzi wa madokotala a Mfumu James I, kenaka a mwana wake Charles I. John Aubrey, yemwe adamudziwa atakalamba, adalemba kuti adali wamfupi, wa timaso takuda towala, wosachedwa kupsa mtima, ndipo ali mnyamata ankayenda ndi kampeni m'chiuno.

Vuto lomwe adakumana nalo poyamba lidali liwiro la mtima. Mukatsegula chifuwa cha galu wamoyo, mtima umagunda mothamanga moti simungasiyanitse kufinya ndi kumasuka. Tisabise, zomwe ankachitazi zidali zankhanza kwa nyamazo, poti mankhwala ogonetsa kudalibe. Iye adaona kuti achule, njoka, nsomba ndi nkhono zili ndi mitima yogunda pang'onopang'ono, ndiponso kuti mtima wa nyama yomwe ikufa umayamba kuchedwa. Poziyang'anitsitsa adapeza kuti mtima umagwira ntchito pofinya, ngati dzanja lofinya thumba la madzi, ndipo kugunda komwe mumamva pamkono ndi magazi okankhidwawo akutukumula mtsempha. Akale ankaganiza kuti mitsempha imadzitukumula yokha n'kumakoka magazi.

Pa njoka adachita chinthu chosavuta kumva. Adatsina mtsempha waukulu wolowa mumtima, mtima udayamba kuchepa ndi kuyezuka chifukwa magazi adasiya kufika. Atausiya n'kutsina wotuluka, mtima udatupa n'kuda ngati uphulika. Khomo lolowera ndi limodzi, lotulukira ndi lina.

Kenaka adachita masamu, chinthu chomwe madokotala a nthawiyo sankachita kawirikawiri. Adayeza magazi omwe chipinda cha mtima chingasunge, adatengapo kagawo kochepa kuti ndiko kamatuluka pakugunda kumodzi, n'kuchulukitsa ndi kugunda 1,000 pa theka la ola. Manambala onsewa adawachepetsa dala kuti wotsutsa asowe pogwira. Ngakhale zidali choncho, yankho lidaonetsa kuti mtima umatulutsa magazi ochuluka kuposa omwe chakudya cha munthu chingapange. Tiwerengere ndi manambala a lero. Mtima wa munthu wamkulu yemwe wangokhala umatulutsa pafupifupi mamililita 70 pakugunda kumodzi, ndipo umagunda pafupifupi ka 70 pamphindi. Amenewo ndi malita pafupifupi 5 pamphindi, kapena malita 7,000 patsiku, zomwe ndi zigubu 350 za malita 20. Thupi lonse lili ndi malita 5 okha. Palibe chiwindi chingapange zigubu 350 kuchokera ku mbale ziwiri za nsima. Ndi magazi omwewo omwe akungobwerabwera.

Umboni wa mavavu mungathe kuuona panokha pomwe mwakhalapo. Lendewetsani dzanja mpaka mtsempha wa kuseri kwa dzanja kapena wa pamkono utatupa. Dinikizani mtsemphawo ndi chala chimodzi chakumunsi, osachichotsa. Ndi chala china, kankhani magazi a mumtsemphamo kukwera nawo kuchigongono, kenaka chotsani chala chachiwiricho. Mukakhala kuti mwadutsa pa vavu, muona kuti kachigawo kena katsala kophwa, magazi a kumtunda sakubwerera. Tsopano chotsani chala choyamba chija: mtsempha udzadza nthawi yomweyo kuchokera kumunsi. Vavuyo ikugwira ntchito ngati ya tayala la njinga, yomwe imalola mpweya kulowa koma osatuluka. Harvey adayesanso kulowetsa kachitsulo mumtsempha wa mtembo. Kolowera kumtima kankadutsa bwinobwino, koma kolowera kumapazi kankakodwa pa mavavu.

Zonsezi adazisunga zaka zoposa 9 akuzionetsa kwa madokotala anzake okha. Buku lidatuluka mu 1628 ku Frankfurt, m'dziko la Germany, m'Chilatini, ndipo limadziwika ndi dzina lachidule loti De Motu Cordis, kutanthauza za kayendedwe ka mtima. Lidali la masamba 72 okha, papepala losakhala bwino, lodzadza ndi zolakwika za osindikiza. Zithunzi zake zidali za mkono womangidwa ndi zala zodinikiza mitsempha, ndipo adatengera zithunzi za mphunzitsi wake Fabricius uja.

Zomwe bukulo lidafotokoza ndi zomwe dokotala wanu amagwiritsa ntchito akakuikani choyezera pachifuwa. Mtima uli ndi zipinda zinayi ndi mavavu anayi. Magazi ochokera m'thupi amalowa mbali ya kumanja, amakankhidwira kumapapo, amabwerera mbali ya kumanzere, n'kukankhidwira thupi lonse. Vavu iliyonse imatseguka kuti magazi adutse, n'kutsekeka kuti asabwerere, ndipo kutsekeka kumeneko ndiko kumamveka ngati kugunda kuwiri. Vavu ikauma n'kupanikizika, kapena ikamatsekeka mosakwanira n'kumadontha, dokotala amamva kaphokoso kofuwirira pakati pa kugundako. Magazi amayamba kudzadzana kumbuyo kwa vavu yoonongekayo, monga pa ngalande ija. Akadzadzana m'mapapo, munthu amabanika akamayenda, ndipo usiku sagona popanda kutsamira mapilo angapo. Akadzadzana m'thupi, mapazi ndi mimba zimatupa.

Kumaiko olemera vutoli limagwira kwambiri okalamba, mavavu akauma ndi ukalamba. Kuno kwathu ndi m'maiko ambiri a mu Africa limagwira ana ndi achinyamata, ndipo limayamba ndi chinthu chomwe makolo ambiri sachiwerengera: zilonda zapakhosi. Mabakiteriya otchedwa streptococcus akagwira pakhosi pa mwana, makamaka wa zaka zapakati pa 5 ndi 15, n'kusalandira mankhwala, chitetezo cha m'thupi mwa ana ena chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Pakapita masabata awiri kapena atatu mwana amatentha thupi, mfundo za miyendo ndi mikono zimatupa ndi kuwawa mosinthanasinthana, ndipo mavavu a mtima amatupa n'kutsala ndi zipsera. Matendawa akamabwerezabwereza, zipserazo zimakula. Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali ndi matenda a mtima a mtundu umenewu. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala oteteza ndi penisilini wamba. Mwana akamadandaula pakhosi uku akutentha thupi, mutengereni kuchipatala, ndipo akapatsidwa mankhwala amalize onse. Yemwe wapezeka kale ndi matendawa amabayidwa jakisoni wa penisilini masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri. Jakisoniyo amawawa ndipo ana amamuda, koma kudumphitsa miyezi n'kupatsa mpata matenda kuti akaonongenso vavu, ndipo mapeto ake ndi opaleshoni yomwe mabanja ambiri sangaifikire.

Opaleshoni yoteroyo idachedwa kubwera. Mu 1925, pafupifupi zaka 300 buku la Harvey litatuluka, dokotala Henry Souttar wa ku London adalowetsa chala mumtima wa mtsikana wina n'kufika pa vavu yake yodwala. Mtsikanayo adakhala ndi moyo zaka zingapo, koma madokotala anzake sadamutumizirenso wodwala wina. Mu 1960 Albert Starr ku America adaika bwinobwino vavu yochita kupanga, ndipo mu 2002 Alain Cribier ku Rouen, m'dziko la France, adaika vavu yatsopano osang'amba chifuwa, pongoidutsitsa m'kapaipi kolowera mumtsempha wa mphechepeche. Njira yomwe kapaipiko kamatsata ndi yomwe Harvey adailondola.

Tibwerere ku 1628. Bukulo silidamubweretsere ulemu msanga. Aubrey akuti Harvey mwiniwake adamuuza kuti odwala ake adachepa kwambiri, ndipo anthu wamba ankamuyesa wozungulira mutu. Mu 1630 James Primrose adalemba buku lomutsutsa. Ku Paris, katswiri wotchuka Jean Riolan adakana kwa zaka zambiri. Mu 1636, ali paulendo ku Germany, Harvey adaonetsa umboni wake pamaso pa pulofesa wachikulire Caspar Hofmann, koma mkuluyo sadatembenuke. Otsutsawa sadali zitsiru. Funso lawo lina lidali lomveka: ngati magazi amachoka m'mitsempha yotuluka kumtima n'kulowa m'mitsempha yobwerera, amadutsira pati? Harvey sadathe kuwaonetsa. China chidali mantha a ntchito, poti machiritso onse a nthawiyo, makamaka kuchotsa magazi pamalo osankhidwa malinga ndi chiwalo chodwala, adatsamira pa Galen. Harvey adakhala chete zaka 21, ndipo adayankha poyera mu 1649 m'makalata awiri opita kwa Riolan.

Ntchito ya kunyumba yachifumu idamufikitsa pa milandu yachilendo. Mu 1634 kamnyamata kena ka ku Lancashire kadanena kuti kadaona amayi a m'deralo pamsonkhano wa mfiti. Anthu ambiri adamangidwa, ndipo amayi anayi adatengedwa kupita ku London. Masiku amenewo ankakhulupirira kuti mfiti imakhala ndi kabere kobisika pathupi koyamwitsira chiwanda, ndiye kanjerewere kalikonse kakadatha kunyongetsa munthu. Harvey adatsogolera azamba ndi madokotala poyeza amayiwo, ndipo lipoti lawo lidati palibe chachilendo chomwe chidapezeka. Amayiwo sadanyongedwe. Kamnyamatako kadavomera pambuyo pake kuti nkhaniyo kadangopeka.

Komabe si nthawi zonse pomwe ankakayika. Chaka chotsatira adang'amba mtembo wa Thomas Parr, nkhalamba ya kumudzi yomwe ankati idafika zaka 152. Harvey sadatsutse zakazo. Adangoti mkuluyo adafa chifukwa cha utsi wa mu London ndi zakudya zonona zomwe sadazizolowere.

Nkhani ina ndi ya Hugh Montgomery, mwana wa munthu wolemekezeka wa ku Ireland. Ali wamng'ono adagwa n'kuthyoka nthiti za kumanzere, padatuluka mafinya ambiri, ndipo bala lidapola litasiya bowo lalikulu lomwe ankalitseka ndi kachitsulo. Mfumu Charles itamva, idatuma Harvey kukaona. Iye adalowetsa zala m'bowomo n'kupeza kuti chomwe anthu ankachiyesa phapo chidali nsonga ya mtima, ukugunda pansi pa mnofu. Dzanja lina pamtimapo, lina pamkono wa mnyamatayo, adatsimikiza pa munthu wamoyo zomwe adaziona pa achule. Adapita naye kwa mfumu, nayonso idagwira, ndipo mnyamatayo sankamva kuti akumukhudza.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1642 pakati pa mfumu ndi nyumba ya malamulo, Harvey adatsata mfumu. Akuti pankhondo ya ku Edgehill adamusiyira ana awiri a mfumuyo, iye n'kukhala nawo pansi pa mpanda akuwerenga buku mpaka chipolopolo cha mzinga chitagwa pafupi. Ku London, anthu adathyola nyumba yake ya ku Whitehall n'kumwaza zolemba zake za zaka zambiri, kuphatikizapo kafukufuku wa tizilombo touluka ndi zomwe adapeza pong'amba mitembo ya odwala. Chimenechi chidamupweteka mpaka imfa. Adakhala ndi mfumu ku Oxford, komwe mu 1645 adamuika kukhala mkulu wa Merton College, koma mzindawo udagonja mu 1646. Mu Januwale 1649 mfumu ija idadulidwa mutu. Harvey, yemwe mkazi wakenso adamwalira m'zaka zomwezo, adatsala wokhala m'nyumba za azing'ono ake, akuvutika ndi matenda a gout otupitsa mfundo za mapazi. Akamupweteka ankaviika miyendo m'ndowa ya madzi ozizira.

Mu 1651 mnzake George Ent adamunyengerera kuti atulutse buku lachiwiri, lonena za mmene zamoyo zimapangikira, lochokera pa zaka zambiri zoswa mazira a nkhuku tsiku ndi tsiku ndi kung'amba agwape a m'nkhalango za mfumu. M'zaka zomwezo achinyamata ena, monga Jean Pecquet wa ku France ndi Thomas Bartholin wa ku Denmark, adafotokoza za mitsempha ina yopyapyala yonyamula madzi oyera osati magazi. Harvey, yemwe adavutika ndi akuluakulu okana zatsopano, nayenso adazilandira mokayika. Apa adaphonya, chifukwa mitsempha imeneyi ndi yofunika kwambiri, ndipo amayi ayenera kuidziwa. Ndi yomwe imadutsa m'timfundo tomwe tikatupa timati mwanabere. Khansa ya m'mawere ikayamba kufalikira, kawirikawiri imayamba yafika m'timfundo ta m'khwapa, n'chifukwa chake namwino poyeza bere amapapasanso m'khwapa. Ikalowa m'magazi imatsata njira ya Harvey ija n'kukamera m'mafupa, m'mapapo kapena m'chiwindi. Chotupa chochotsedwa chisadayambe ulendowu chimapereka mwayi waukulu wochira. Chotupa cholimba m'bere kapena m'khwapa, ngakhale chisakuwawa, khungu la bere lokhwinyata, nsonga ya bere yolowa m'kati kapena yotulutsa magazi, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala sabata yomweyo. Ndipo njira yomwe khansa imayendamo ndi yomwenso mankhwala amadzera: diripi yoikidwa pamkono imafikitsa mankhwala m'thupi lonse m'mphindi zochepa.

Nanga mavavu a m'mitsempha aja, akafooka chimachitika n'chiyani? Magazi a m'miyendo amayenera kukwera chitunda kuti afike kumtima. Chomwe chimawakankha ndi akatumba: mukaponda, minofu imafinya mitsempha, mavavu n'kuletsa magazi kutsikanso. Aphunzitsi, alonda, ogulitsa m'sitolo ndi ena oima tsiku lonse, komanso amayi omwe abereka kangapo, mitsempha yawo imatha kutanuka mpaka mavavu osakumananso. Magazi amadikha, mitsempha imatupa n'kupotanapotana pansi pa khungu, miyendo imalemera madzulo, ndipo kwa ena khungu la pakakolo limada n'kubuka chilonda chosapolerapo. Kuyendayenda, kunyamphira pazala mukaima nthawi yaitali, kukweza miyendo pamwamba popuma ndi masokosi othina a kuchipatala zimathandiza.

Choopsa kwambiri ndi magazi akaundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo. Zimachitika kwa munthu yemwe wagona nthawi yaitali ndi matenda, yemwe wangochitidwa opaleshoni, mayi woyembekezera kapena yemwe wangochira kumene, wodwala khansa, ngakhalenso yemwe wakhala malo amodzi m'basi ya ku Johannesburg usana ndi usiku. Mwendo umodzi umatupa, umawawa ndi kutentha. Musausisite kapena kuuthowa. Chibuma cha magazicho chikathothoka chimakwera ndi mtsempha, chimadutsa mbali ya kumanja ya mtima, n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amabanika mwadzidzidzi, amamva kubaya m'chifuwa, ndipo akhoza kufa pomwepo. Kuchipatala kuli mankhwala oletsa magazi kuundana, koma amafuna wodwala afike msanga.

Harvey adakhala ndi mwayi womwe asayansi ambiri sakhala nawo: adaona ali moyo chiphunzitso chake chikulandiridwa m'masukulu ambiri a ku Ulaya. Adamangira College of Physicians nyumba ya mabuku ndi ndalama zake, ndipo mu 1654 adamusankha kukhala pulezidenti wa bungwelo koma adakana chifukwa cha ukalamba. Mu 1656 adalipatsa munda wa makolo ake kuti lizichititsa mwambo wa chaka ndi chaka wolimbikitsa madokotala kufufuza poyesa zinthu, ndipo mwambowo umachitikabe. Nyumba ya mabuku ija idapsa pa moto waukulu wa mu London mu 1666.

Pa 3 Juni 1657, ali kunyumba kwa mng'ono wake Eliab ku Roehampton, adadzuka lilime litafa, osatha kulankhula. Lero tikadati sitiroko. Malinga ndi Aubrey, adakodola wosakaniza mankhwala wake kuti amuchotse magazi pansi pa lilime, machiritso omwewo a Galen, omwe madokotala adapitiriza kuwagwiritsa ntchito kwa zaka zina pafupifupi 200. Adamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 79, ndipo adaikidwa ku Hempstead, m'chigawo cha Essex.

Funso la otsutsa aja lidayankhidwa patatha zaka zinayi. Mu 1661, ku Bologna, Marcello Malpighi adaika phapo la chule pansi pa maikulosikopu n'kuona timitsempha tosaoneka ndi maso, topyapyala kuposa tsitsi, tikulumikiza mitsempha yotuluka kumtima ndi yobwerera. Malpighi adabadwa mu 1628, chaka chomwe buku la Harvey lidatuluka.